Zida zoteteza moyo m'galimoto za ku Japan: zimathandiza pati, zimalephera pati?

Galimoto zambiri zomwe zimanyamula anthu m'mawa uliwonse kuchoka ku Area 25, Kawale, Chinsapo ndi Area 23 kupita m'tauni ya Lilongwe zidayamba zayendapo zaka zingapo m'misewu ya ku Japan. Toyota Sienta, Vitz, Passo ndi Aqua, Honda Fit ndi Freed, Nissan Note komanso Daihatsu Mira zimatsika m'sitima padoko la Dar es Salaam, ndipo zambiri zimalowa m'dziko muno kudzera pachipata cha Songwe ku Karonga.

Galimotozi zimafika ndi zida zoteteza moyo wa okwera, zina zothandiza dalaivala kupewa ngozi, ndi zinanso zotchinjiriza akuba. Koma buku lofotokoza kagwiritsidwe ntchito ka zidazi limakhala m'Chijapani, mauthenga a pa dashibodi nawonso ali m'Chijapani, ndipo kawirikawiri bukulo silifika n'komwe m'manja mwa wogula.

Kaamba ka ichi, munthu amatha kuyendetsa galimoto zaka zingapo osadziwa ngati zidazo zikugwirabe ntchito. Wina amadalira chida chomwe chidafa kalekale, pomwe mnzake amathimitsa chida chabwinobwino chifukwa chakuti chikumusokosa.

Nkhaniyi ikukhudza miyoyo. Lipoti la 2023 la bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO lidati anthu pafupifupi 1.19 miliyoni amafa pangozi zapamsewu chaka chilichonse, ndipo oposa theka ndi oyenda pansi, apanjinga zakapalasa ndi apanjinga zamoto. Awa ndi anthu omwe adzaza m'misewu ya ku Mgona, Biwi ndi Mchesi kuyambira mbandakucha mpaka usiku.

Nyali za pa dashibodi

Galimoto imadziyeza yokha nthawi iliyonse dalaivala akaika kiyi kapena kudina batani loyatsira. Nyali zochenjeza zimayaka pamodzi, kenaka n'kumazima injini ikalira. Nyali ya airbag, yomwe ili ndi chithunzi cha munthu wokhala pampando ndi mpira patsogolo pake kapena zilembo za SRS, imayaka kwa masekondi ochepa n'kuzima. Nyali ya ABS imachitanso chimodzimodzi.

Nyali ikakana kuzima, ndiye kuti chidacho chili ndi vuto ndipo mwina sichigwira ntchito pa nthawi ya ngozi. Choopsa kwambiri ndi nyali yosayaka n'komwe poyatsa galimoto, chifukwa kawirikawiri zimatanthauza kuti babu lidafa, kapena wina adalichotsa ngakhale kulimata dala pofuna kubisa vuto. Aliyense wogula galimoto yakale, kaya ku Biwi kaya kwa mnzake wa kutchalitchi, ayenera kuyang'ana nyali zimenezi asanayambe kukambirana mtengo. Akakayika, makaniko yemwe ali ndi makina opimira kompyuta ya galimoto atha kuwerenga vuto lomwe labisikalo m'mphindi zochepa.

Mtundu wa nyali umanena kukula kwa vuto. Yofiira, monga ya oilo, ya kutentha kwa injini kapena ya mabuleki, imafuna kuti dalaivala aime msanga pamalo abwino. Yachikasu ikunena kuti galimoto ipite kugalaja posachedwa. Yobiriwira kapena yabuluu imangodziwitsa kuti chinthu china chayaka, kapena kuti injini idakali yozizira.

Mawu a mayi wa Chijapani omwe amamveka galimoto zina zikangoyatsidwa sakhudzana ndi ngozi. Nthawi zambiri amachokera ku kabokosi ka ETC, komwe ku Japan amalipirira misewu ikuluikulu, ndipo amangonena kuti khadi silidalowetsedwe. Uthenga wofunika kuutsatira ndi wolembedwa pa dashibodi. Foni yokhala ndi Google Translate imatha kuumasulira munthu akaulozetsa kamera, galimoto itaima. Akuluakulu adati safunsa adadya phula.

Lamba ndiye mwini nkhani

Lamba wodutsa pachifuwa ndi m'chiuno adapangidwa ndi katswiri wa kampani ya Volvo, Nils Bohlin, ndipo adayamba kuikidwa m'galimoto mu 1959. Mpaka lero palibe chida china cha m'galimoto chomwe chapulumutsa anthu ochuluka ngati iyeyu. Malinga ndi WHO, kumanga lamba kumachepetsa chiopsezo cha imfa kwa okwera m'galimoto ndi pafupifupi theka.

Malamulo apamsewu a dziko lino amafuna kuti lamba azimangidwa, ndipo apolisi apamsewu amalipiritsa chindapusa opezeka osamanga. Komabe madalaivala ena amangokoka lamba akaona apolisi patsogolo. Ena amamudutsitsa kumbuyo kwa msana, kapena kulowetsa kachitsulo m'loko ya lamba kuti belu lileke kulira. Kutero kumanamiza kompyuta ya galimoto kuti munthu wadzimanga pomwe thupi lake lili lomasuka.

Okhala kumbuyo amaiwalika kwambiri. Galimoto ikawomba chinthu mwadzidzidzi, munthu wosamanga lamba kumbuyo amaponyedwa kutsogolo n'kukamenya dalaivala kapena wokhala pambali pake. Sienta zambiri zili ndi mipando 7 ndi malamba 7. Pamene galimoto yotereyi yapakira anthu 10 paulendo wa ku Nsungwi kapena Likuni, atatu mwa iwo alibe chowagwira chilichonse. Mayi woyembekezera naye ayenera kumanga lamba, mbali ya m'chiuno itadutsa kunsi kwa mimba.

Airbag ndi thumba lomwe limafufuma ndi mpweya mwachangu kuposa kuphethira kwa diso, ndipo liwiro lake potuluka limatha kufika makilomita 300 pa ola. Lidapangidwa kuti lithandize lamba, ndipo munthu wosamanga lamba amatha kuvulazidwa ndi thumba lomwelo chifukwa amakumana nalo likadafufuma. N'chifukwa chake kukhazika mwana pamiyendo pampando wakutsogolo n'koopsa koposa: mwanayo amakhala pakati pa thumba ndi thupi la wamkulu. Kuika mapazi pa dashibodi, ngakhale kumatapo zidole ndi zokongoletsa pamalo olembedwa SRS, kulinso ndi ngozi yake.

Thumbali limagwira ntchito kamodzi kokha. Galimoto yomwe idachitapo ngozi imafunika airbag yatsopano komanso malamba atsopano ngati akale adakoka pa nthawi ya ngoziyo. Kungomata chivundikiro cha chiwongolero n'kuzimitsa nyali kumabisa vuto kwa wogula wotsatira.

Palinso nkhani ya kampani ya ku Japan ya Takata, yomwe idapanga zida zofufumitsira airbag za galimoto mamiliyoni ambiri za Honda, Toyota, Nissan, Mazda ndi zina. Mankhwala a m'zidazo amawonongeka akakhala zaka zambiri m'malo otentha ndi achinyontho, ndipo zina zidaphulika n'kumwaza tizitsulo kunkhope za madalaivala. Anthu adafa m'maiko angapo, ndipo kampaniyo idagwa mu 2017. Mitundu ina ya Fit, Vitz ndi Corolla idali m'gulu la galimoto zomwe zidaitanidwa kukakonzedwa. Galimoto yomwe idachoka ku Japan isadakonzedwe itha kukhala nacho chida chakalecho mpaka lero. Mwini wake atha kufufuza polemba nambala ya chassis pa tsamba la intaneti la kampani yomwe idapanga galimotoyo, kapena kufunsa kwa oimira kampaniyo m'dziko muno.

Ana m'galimoto

M'mphepete mwa chitseko chakumbuyo, mbali yomwe imabisika chikatsekedwa, muli kabatani kakang'ono. Kakatsitsidwa, chitsekocho sichitseguka kuchokera m'kati. Pachitseko cha dalaivala palinso batani loletsa okwera kutsegula mawindo. Makolo operekeza ana kusukulu ku Area 23 kapena Kawale ali nazo kale zida ziwirizi popanda kulipira kanthu.

Lamba wa akuluakulu sakwana mwana wamng'ono chifukwa amadutsa pakhosi ndi pamimba. Mwana wotere amafunika mpando wake, ndipo WHO imati mipando ya ana imachepetsa imfa za makanda ndi 71 peresenti. Galimoto zambiri za ku Japan zopangidwa kuyambira 2012 zili ndi tizitsulo ta ISOFIX tokolera mipandoyi, tobisika pakati pa chokhalira ndi chotsamira cha mpando wakumbuyo. Mpando wa khanda woyang'ana kumbuyo suyenera kuikidwa kutsogolo komwe kuli airbag.

M'miyezi yotentha ya October ndi November, m'galimoto yotseka mawindo mumatentha msanga kwambiri, moti kusiyamo mwana kwa mphindi zochepa pokagula zinthu pamsika kutha kumupha.

Mabuleki ndi matayala

ABS, yomwe kampani za Bosch ndi Mercedes-Benz zidatulutsa mu 1978, imaletsa matayala kuuma dalaivala akaponda mabuleki mwamphamvu. Tayala louma limangokhukhuluzika ndipo silimvera chiwongolero, pomwe tayala lozungulirabe limalola dalaivala kuzemba chomwe chili kutsogolo. ABS ikamagwira ntchito, chopondera cha mabuleki chimanjenjemera ndipo pamamveka phokoso. Ena amachita mantha n'kuchotsa phazi, poganiza kuti china chathyoka. Choyenera n'kupondabe mwamphamvu, osapopa, kwinaku akuwongolera.

Pamsewu wafumbi kapena wamiyala, monga yambiri ya m'kati mwa Chinsapo ndi Mgona, galimoto ya ABS imatha kuyenda kamtunda kotalikirapo isadaime kusiyana ndi patala. Kumeneko chothandiza ndi kuchepetsa liwiro ndi kusiya mpata wokwanira pakati pa galimoto.

Chida china chimaletsa galimoto kuterereka pokhota. A Toyota amachitcha VSC, a Honda VSA, pomwe a Nissan amati VDC. Dziko la Japan lidayamba kulamula kuti chiziikidwa m'mitundu yatsopano ya galimoto mu 2012. Nyali yake ili ndi chithunzi cha galimoto ndi mizere yokhotakhota kunsi kwake. Ikamaphethira ndiye kuti chidacho chikugwira ntchito pa nthawi imeneyo, ndipo dalaivala achepetse liwiro. Ikangoyaka osazima, pali vuto. Batani lothimitsira chidachi lidaikidwa kuti lithandize galimoto ikatitimira m'matope kapena mumchenga, pomwe matayala afunika kuzungulira momasuka. Ikangotuluka m'matopemo, chidacho chiyatsidwenso.

Zida zonsezi zimadalira matayala. Pambali pa tayala pamalembedwa manambala anayi osonyeza sabata ndi chaka chomwe lidapangidwa: 2316 akutanthauza sabata ya 23 ya chaka cha 2016. Tayala lakaunjika limatha kuoneka lamano abwino koma mphira wake utauma ndi ukalamba. Mano akatsala mamilimita 1.6, tayalalo latha ntchito. Galimoto zina zimafika ndi matayala olembedwa Studless, omwe ku Japan amayendera m'nyengo ya chipale chofewa. Mphira wake ndi wofewa, ndipo patala wotentha kapena wonyowa ndi mvula sagwira bwino ngati matayala wamba.

Mlingo wa mpweya woyenera umalembedwa pa kapepala komatidwa pamphuthu ya chitseko cha dalaivala. Katayala kakang'ono kapadera komwe kamakhala kubuti n'kongofikitsa galimoto kwa okonza matayala, ndipo sikayenera kupitirira makilomita 80 pa ola.

Zida zothandiza dalaivala

Galimoto zatsopanoko zili ndi kamera kapena masensa oona kutsogolo, omwe amachenjeza dalaivala ndipo nthawi zina amaponda okha mabuleki. Daihatsu idatulutsa Smart Assist mu 2012, pomwe Toyota Safety Sense ndi Honda Sensing zidafala kuyambira 2015. Kuyambira November 2021, Japan idalamula kuti mitundu yatsopano ya galimoto zing'onozing'ono zopangidwa m'dzikomo izikhala ndi mabuleki odziponda okha. Izi zikusonyeza kuti galimoto zotere zichulukirachulukira ku Lilongwe m'zaka zikubwerazi.

M'zaka zoyambirira, zidazi zinkaikidwa m'galimoto zina zokha, moti Vitz ziwiri za chaka chimodzi zitha kusiyana. Chizindikiro chake ndi kabokosi kokhala kuseri kwa kalilole wam'kati, pamwamba pa galasi lakutsogolo, kapena kagalasi kakuda pabampala.

Mphamvu zake zili ndi malire. Smart Assist yoyamba imagwira ntchito pa liwiro losapitirira makilomita 30 pa ola ndipo idapangidwira kuona galimoto inzake. Toyota Safety Sense C yoyamba, yomwe ili mu Sienta, Aqua ndi Vitz zina, nayo idapangidwira kuona galimoto, ndipo nthawi zambiri imangochepetsa mphamvu ya kuwombana. Kabaza wotulukira mwadzidzidzi pakati pa maminibasi, mwana wothamangira mpira, mayi wosenza mtolo wa nkhuni usiku kapena mbuzi yodumpha msewu, zonsezi zida zakalezi zitha kulephera kuziona.

Chida chochenjeza galimoto ikamachoka mumzere wake chimadalira mizere yojambulidwa pamsewu, ndipo m'galimoto za Toyota chimayamba kugwira ntchito liwiro likafika pafupifupi makilomita 50 pa ola. Chitha kuthandiza pamsewu wa M1 pomwe mizere ikuoneka. M'misewu ya m'makwalala, momwe mizere idafufutika kapena kulibiretu, chimangokhala chete.

Fumbi la m'chilimwe, matope a m'dzinja, mvula yamphamvu ndi dzuwa lowomba m'maso zimachititsa khungu kamera ndi masensa. Kupukuta galasi ndi bampala m'mawa ndi mbali ya kusamala zidazi. Zomata za inshulansi ndi COF zisaikidwe patsogolo pa kamera, ndipo zitsulo zotchinga bampala zitha kutsekereza sensa. Galasi lakutsogolo likasinthidwa, kapena bampala ikawongoledwa itagundidwa, kamera ndi masensa zimafunika kuchunidwanso ndi makina. Kupanda kutero, galimoto itha kuponda mabuleki popanda chifukwa kapena kulephera kuponda pofunika.

Kamera yoonera kumbuyo ndi masensa olira pobwerera zimathandiza m'mipanda yopanikizika ya ku Kawale ndi Biwi, komwe ana amasewera pafupi ndi geti. Komabe kamera siona m'mbali monse, ndipo sensa imatha kuphonya ngalande kapena chitsulo chopyapyala. Kuzungulira galimoto munthu asadalowemo kumaonetsa zomwe kamera singaone. Eni galimoto ambiri amachotsa wailesi ya ku Japan chifukwa imalekeza pa 90 FM, ndipo kamera imafera pomwepo ngati wolumikiza mawaya sadaibwezeretse pa wailesi yatsopanoyo.

Galimoto za hybrid monga Aqua ndi Prius zimayenda mwakachetechete pa liwiro lochepa, moti oyenda pansi pamsika sazimva. Dalaivala wake asaganize kuti anthu amumva akubwera. Nyali ya READY ikayaka ndiye kuti galimoto ili moyo ngakhale injini ili zii, choncho asatsike asadaike giya pa P ndi kuithimitsa.

Kudziteteza kwa akuba

Galimoto zambiri za masiku ano zili ndi immobiliser, chida chomwe chimaletsa injini kulira pokhapokha chitazindikira kachipangizo kobisika m'kiyi. Vuto n'lakuti zambiri zimafika ndi kiyi mmodzi yekha. Kiyiyo akatayika, kukonza kumadula, ndipo ena amasankha kuti makaniko angochidumphitsa chidacho. Galimoto yotero imasanduka yosavuta kuba. Kudulitsa kiyi wachiwiri woyambayo akadalipo kumatchipa.

Kiyi wongodina batani amagwiritsa ntchito kabatire kakang'ono kozungulira. Kakatha mphamvu, m'kati mwa kiyiyo muli kakiyi kachitsulo kotsegulira chitseko, ndipo galimoto zambiri zimalira munthu akagunditsa kiyi pa batani loyatsira, ataponda mabuleki, kenaka n'kudina. Eni ake adziwenso kuti galimoto yotere ikalira, imapitirira kuyenda ngakhale kiyi atatsala m'thumba la mwini wake panja. Kuisiya ikulira pokagula mayunitsi pa okala n'kupatsa wakuba mpata.

Ku South Africa kudafala mchitidwe wosokoneza rimoti ndi kachipangizo kena kuti zitseko zisakhomeke mwini wake akadina. Njira yodzitetezera ndi yapafupi: kukoka chogwirira cha chitseko munthu asadachoke. Laputopu, foni ndi zikwama zisasiyidwe poonekera, ndipo m'misewu yodzaza madzulo ndi bwino kukhoma zitseko ndi kukweza mawindo.

Alamu ndi chida cholondolera komwe galimoto ili zimathandiza, koma ziikidwe ndi wodziwa ntchito. Mawaya ndi mapulagi achikasu ndi a airbag, pomwe mawaya aakulu a mtundu wa lalanje m'galimoto za hybrid amanyamula magetsi oti atha kupha munthu. Wolumikiza mwachisawawa atha kupha airbag mwini wake osadziwa.

Udindo ukadali kwa dalaivala

Nthambi yoona za pamsewu ya DRTSS imapereka chiphaso cha COF galimoto ikayezedwa, koma chiphasocho chimanena za momwe galimoto idalili tsiku loyezedwalo. Masiku ena onse, woyang'anira ndi mwini wake: kuona kuti nyali za airbag ndi ABS zayaka n'kuzima, matayala ali ndi mpweya wokwanira, magalasi ndi masensa ndi oyera, ndipo aliyense wokwera wamanga lamba.

Pamwamba pa zonse pali liwiro. WHO imati chiopsezo cha imfa kwa woyenda pansi wogundidwa ndi galimoto chimakwera kanayi ndi theka liwiro likachoka pa makilomita 50 kufika 65 pa ola. Lamba, airbag ndi VSC zimateteza amene ali m'kati mwa galimoto. Mwana wa sukulu wodutsa msewu ku Mgona ndi wakabaza wonyamula mayi ndi khanda ku Area 25 alibe chilichonse mwa zimenezi, ndipo chitetezo chawo chagona pa liwiro lomwe dalaivala wasankha.